Nyama ya Lachisanu ya a Fulgêncio

A Fulgêncio Sabonete ndi telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, m'tauni yathu yotentha ino ya m'mbali mwa Zambezi, kumunsi kwa Tete. Ndi munthu wowonda, wa khosi lalitali, ndipo chilema chawo chachikulu n'chakuti pakamwa pawo sipadziwa kutulutsa mawu oti ayi. Ukawabwereka singano amakupatsa ndi ulusi womwe, kenako n'kukusokera okha poona kuti ukuchedwa.

Pakhomo pawo anthu ndi ambiri. Pali ana awo, ana a malemu akulu awo, apongozi awo aakazi, ndiponso bambo wina amene anabwera kudzabwereka pampu ya njinga chaka cha madzi osefukira, mpaka lero sanatsanzike. Tsiku lopha nkhuku, mkazi wawo, Dona Cacilda, amawaikira ntchafu m'mbale monga mwini khomo, koma ntchafuyo imafika ndi maso a nyumba yonse pambuyo pake. A Fulgêncio amabenthula kupatsa uyu, kubenthula kupatsa uyo, iwo n'kutsala ndi fupa, n'kumati mafuta a m'fupa ndiwo amakonda. Bodza lenileni, munthu wamkulu.

Munthu wotere kumutcha womana ndi tchimo. Komabe mumtima mwawo munali kachilakolako kamodzi, kakang'ono, kamene ankachita nako manyazi: kudya mbale ya nyama yambuzi okha, kuyambira nthuli yoyamba mpaka kupukuta msuzi, popanda dzanja lina kulowamo. Kamodzi pa mlungu basi. Choncho Lachisanu lililonse masana ankaphimba makina awo ndi nsalu, n'kuuza mwini sitolo kuti akukagula ulusi, n'kulowera kwa Dona Engrácia.

Malo odyera a Dona Engrácia analibe zenera ndi limodzi lomwe. Pakhomo panali katani wakuda wolemera, ndipo ukalowa unkayamba wapapasa kaye. Kunena zoona, mayiyu sankaphika mwapamwamba kuposa amayi ena. Chimene ankagulitsa ndi makoma. Matebulo onse anali oyang'ana kukhoma, ndipo lamulo la panyumbapo linali lakuti muno mulibe m'bale. Aphunzitsi aakulu, akatekisiti, kalaliki wa kupositi, onse ankadyera mmenemo, misana itatembenuzirana, aliyense akunamizira kuti sakumva katafunidwe ka mnzake. Potuluka ankatsuka mkamwa, n'kubwerera kukakhalanso anthu opatsa.

Pakuti kuno munthu sadya wina akuyang'ana osamuitana. Ngakhale utakhala ndi kachiponde kochepa m'manja, wodutsa akakupatsa moni uyenera kumuitana. Ambiri amadziwa kuti kuitanako ndi ulemu chabe. Koma mlamu wawo wa a Fulgêncio, a Zeferino, mlongo wake wa Dona Cacilda, ankakhulupirira kuti kukana chakudya n'kunyoza Mulungu, ndipo pa nkhani imeneyi anali munthu wopemphera kwambiri. Ntchito yawo inali yokonza mawailesi, m'nthawi imene aliyense ankamvera nyimbo pafoni, kotero mpata woyendayenda anali nawo wambiri.

Ndiye kunabwera korona. Poyamba a Fulgêncio anaona ngati mwayi, chifukwa tauni yonse inkafuna masiki, ndipo tizidutswa ta zitenje timene ankataya tinasanduka malonda. Abale okha ndiwo ankasokeredwa aulere, ndiye kuti theka la tauni. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Boma linaletsa kudyera m'nyumba zogulitsira zakudya, ndipo a khonsolo ya tauni, pomvera chisoni eni malowo, anaganiza zowathandiza.

Thandizolo linabwera pa lole, ndi zolankhulalankhula ndi kuwomba m'manja. Munali maambulera akuluakulu obiriwira, mipando yapulasitiki, matebulo, ndi chigubu cha penti wachikasu. Anatseka mbali imodzi ya msewu wochokera kumsika kupita kutchalitchi ndi kuchipatala, n'kujambula mizere pansi, n'kunena kuti kuyambira tsopano makasitomala a Dona Engrácia azidyera pamenepo, pa mphepo yabwino, kwaulere, osalipira msonkho wa malo. Woyang'anira zonsezi anali a Macário a kukhonsolo, bambo wakhama pantchito amene ankatuluka thukuta ngakhale m'maso.

"Bwana, zikomo," anatero Dona Engrácia atagwira m'chiuno, "koma anthu anga sadyera panja."

"Mayi, ku Ulaya konse akudyera panja. Azungu akulimbirana mipando."

"Azunguwo alibe alamu?"

A Macário sanalimve funsolo, chifukwa anali otanganidwa ndi kutsitsa mphatso yomaliza: ndowa yampopi, yokhala pa katebulo kachitsulo, ndi sopo womangirira pa chingwe. Anaiika pakati penipeni pa matebulo, n'kulengeza kuti aliyense wochokera kumsika azisamba m'manja pamenepo asanapitirire.

Lachisanu litakwana, a Fulgêncio anaima patali kaye n'kumayang'ana. Makasitomala akale onse anali atasowa. Aphunzitsi anadutsa kawiri konse akuyang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. Koma fungo la adyo ndi tsabola linkachokera kukhitchini, ndipo mimba ilibe manyazi. A Fulgêncio anakweza masiki mpaka m'munsi mwa maso, anatsitsa chipewa, n'kukhala pa tebulo la kumapeto. Mbale itabwera, ndi pamene anakumbukira kuti munthu sadya atavala masiki.

Atangoivula, anaona mzere. Anthu ochokera kumsika anali atandandalika pa ndowa ija, aliyense akusamba m'manja ndi sopo wa boma, bwinobwino, mpaka m'zikhadabo, monga ankaphunzitsira pa wailesi. Akatha, ankaima pambali pa tebulo lawo akukutumula madzi m'manja. Tsono munthu wosamba kale m'manja, waima pambali pa mbale yako, wakupatsa moni, ungamuuze chiyani?

"Aaa, alamu!" Anali a Zeferino, manja akudontha madzi. "Ulusi uja mumagula kuno?"

"Tiyeni tidye, alamu." Mawuwo anatuluka okha, eni ake asanawalole.

"Poti mwakakamiza."

A Zeferino anakhala patali, kuseri kwa mzere wachikasu, monga mwa lamulo. Koma mkono wawo sunkadziwa lamulo. Kenako kunafika mayi wina wa kwaya, kenako msuweni wa apongozi, kenako munthu amene a Fulgêncio sankamudziwa n'komwe koma anavala masiki osokedwa ndi iwo, ndiye kuti ayenera kuti anali m'bale. Aliyense ankangoti alawe. Mbale itabwerera kwa mwini wake munali khungu la phwetekere ndi kafupa kamodzi koyamwidwa kale.

Mbiri inafika kunyumba iwo asanafike. Dona Cacilda sanakalipe. "Bambo, ine ndinkadziwa kalekale," anatero akupeta mpunga. "Ulusi sununkha adyo. Ndinkangoti asiyeni, nawonso ndi munthu. Koma mukanadya mobisa ngati munthu wamkulu, osati pamsewu ngati mbuzi." Mawu amenewa anawapweteka a Fulgêncio kuposa kutukwanidwa, ndipo anawalimbitsanso mtima. Ngati mkazi wawo yemwe ankavomereza kuti mbale ija ndi yawo, ndiye kuti inali yawodi, ndipo anatsimikiza kuti aimenyera nkhondo.

Mlungu wotsatira anabwera ndi zitenje zolumikiza. Anazimangirira pa ambulera kuzungulira tebulo lonse, n'kulowa mkati. Asanatsegule n'komwe mbale, a Macário anatulukira.

"Ichi ndi chiyani?"

"Chitenje, bwana," anayankha Dona Engrácia.

"Ili ndi khoma."

"Khoma louluka ndi mphepo?"

"Mayi, chilichonse chimene chikuletsa munthu kuoneka ndi khoma. Munthu akakhala pakati pa makoma ndiye kuti ali m'nyumba. Uyu akudyera m'nyumba pakati pa msewu, ndipo ndi milandu iwiri."

Anakambirana mpaka mpunga unazizira. Pomaliza a Macário, poti sanali munthu woipa, analola kuti nsalu ikhoza kukhalapo, bola ikhale pamwamba pa mutu kapena m'munsi mwa mawondo. Tsiku limenelo a Fulgêncio anadya mawondo awo atabisika bwino lomwe, ndipo a Zeferino anayamikira kuti nyamayo inafewa kuposa ya mlungu watha.

Nzeru ina inabwera. Ambulera si khoma, ndi denga, ndipo ndi la boma. Palibe lamulo linanena kuti denga litalike bwanji. A Fulgêncio anabwereka sowo m'sitolo ya zitsulo, n'kudula mtengo wa ambulera mpaka kutsala kachitsa. Anayala mkeka pansi, n'kukwawira pansi pake ndi mbale yawo ngati fulu. A Macário anazungulira ambulerayo akukanda m'mutu, n'kuvomereza kuti mwa lamulo munthuyu ali panja. Mkatimo munkatentha ngati mu uvuni wa buledi, thukuta likugwera mu msuzi, koma a Fulgêncio anamva chimwemwe chimene anali atachiiwala. Anatafuna nthuli yoyamba atatseka maso. Anatola yachiwiri.

Go, go, go, pa denga.

"Odi kuno! Alamu, ndazindikira nsapato."

Miyendo yawo yaitali ija inali itatsalira kunja. A Zeferino anagona chafufumimba pamsewu, n'kulowetsa mutu, ndipo pambuyo pawo ena anagwada pamzere, manja osambasamba.

Chipulumutso chinabwera mwangozi, Lachisanu lina a Fulgêncio atataya kale mtima n'kubwerera pa mpando wamba. A Zeferino akukutumula manja, moni ali pakamwa, kanjere ka tsabola kanalowa a Fulgêncio pakhosi polakwika. Anatsokomola, kutsokomola kochokera pansi pamimba, misozi ili mbwembwembwe. Atatsegula maso, msewu unali mbee. Mayi wa kwaya anali atataya dengu la matimati. A Zeferino anali atalumpha mzere wachikasu ndi ngalande yomwe, ataima tsidya lina la msewu, masiki awiri pakamwa. Mpopi wa ndowa unkangotayira madzi pansi, wopanda woutseka.

A Fulgêncio anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kudya mbale yonse. Anapukuta msuzi ndi chala. Chikumbumtima chinawatsina pang'ono, koma chinapeza mimba yadzaza, n'kusowa pogwira.

Nkhani yabwino siichedwa. Mlungu wotsatira aphunzitsi anabwerera, akatekisiti anabwerera, kalaliki wa kupositi anabwerera, ndipo aliyense akaona m'bale akuyandikira ndowa ankayamba kutsokomola. Malo a Dona Engrácia anadzaza kuposa kale. Mayiyo anawonjezera tsabola mu mphika, ndipo ankayenda pakati pa matebulo akuwongolera anthu ake.

"Aphunzitsi, icho ndi chifuwa cha mwana wothawa mayeso. Chichokere pansi. Tamverani a Fulgêncio."

"Akatekisiti, musamatsokomole ngati mukuyambitsa nyimbo, anthu angakulandireni."

A Macário anabwera, anamvetsera ali patali, n'kupeza kuti palibe lamulo loletsa kutsokomola panja. Anakauza akuluakulu awo kuti ntchito yodyera panja ikuyenda bwino kwambiri, matebulo onse ndi odzaza, ndipo anthu odutsa akutalikira okha popanda kuwakakamiza. Khonsolo inakondwa n'kutumiza maambulera ena.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaseka. A Zeferino anaonda ndi nkhawa, osati ndi njala yokha. Ankabwera pakhonde la sitolo ndi masamba a bulugamu, mandimu, ndi muzu wina wowawa umene anagula kwa mayi wa kumsika, n'kuziika pansi patali, n'kuzikankha ndi ndodo.

"Alamu, mufukize. Chifuwa chimenechi sindikuchikonda."

"Ndili bwino, alamu. Chimangobwera Lachisanu."

"Ndiye choopsacho chimenecho. Matenda odziwa masiku si matenda wamba."

A Fulgêncio ankachita manyazi, koma osati manyazi okwanira kuulula. Ndiye a Zeferino, poona kuti mlamu wawo akufa iwo akuyang'ana, anapita kuchipatala kukanena.

Ambulansi inafika Lachisanu masana, Dona Engrácia atangoika mbale patebulo. Munatuluka anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chozizwitsa chinachitika pompo: odwala onse anachira. Aphunzitsi, amene ankayendera ndodo chifukwa cha nyamakazi, anadumpha mpanda wa tchalitchi. Akatekisiti analowa pansi pa ambulera yodulidwa ija. A Fulgêncio okha ndiwo anatsala, chifukwa sanathe kusankha pakati pa kuthawa ndi kusiya mbale.

"Anesi, ndimangoyerekeza!" anachonderera. "Funsani Dona Engrácia, chifuwachi ndi cha tsabola chabe!"

"Onse amatero, bambo. Kwezani mutu."

Anawapisa kamtengo m'mphuno mpaka anakumbukira dzina la agogo awo. Ndipo zotsatira zitatuluka, nthabwala inatha: anawapeza ndi kachilombo ka korona. Pakati pa otsokomola abodza aja panali wina woona, ndipo mpaka lero tauni imakangana kuti anali ndani.

Odwala ankawasunga pa sukulu ina imene inali yotseka chifukwa cha mliriwo, aliyense m'kalasi mwake. Chitseko chinatsekedwa, ndipo chakudya ankachisiya pakhomo n'kugogoda n'kuthawa. Masiku oyamba, ngakhale thupi linkatentha ndipo mafupa ankaphwanya, a Fulgêncio ankaseka okha. Boma lomwe lija linawalanda makoma linali litawapatsa makoma anayi, chitseko, ndi mlonda pageti woletsa abale. Koma kuseka kwa wekha sikukhalitsa. M'kalasi yoyandikana nayo munali bambo wina amene ankatsokomola usana wonse, chifuwa chenicheni, chopanda mphunzitsi. Tsiku lina m'mawa chifuwacho sichinamveke, ndipo anamva anthu akukoka bedi. Kuyambira pamenepo a Fulgêncio anachita mantha, ndipo phala la kuchipatala linkabwerera mmene labwerera.

Lachisanu nesi anagogoda, n'kulankhula ali kuseri kwa chitseko. "Bambo Sabonete, kwabwera mbale yanu kuchokera kwa Dona Engrácia. Abweretsa ndi alamu anu."

A Fulgêncio anapukusa mutu. Mbale yonyamulidwa ndi a Zeferino kuchokera kumsika mpaka kuno, dzuwa lili paliwombo, njira yonse yopanda mboni! Anamasula mfundo ya nsalu akuyembekeza kupeza mafupa. Anapeza nyama ili phamphu, yosakhudzidwa, mafuta atagwirana pamwamba popanda chidindo cha chala ndi chimodzi chomwe. Ngakhale kachiwindi kamene kanali pamwamba penipeni, koyamba kuitana dzanja, kanali pomwepo.

Anaweramira mbaleyo kuti anunkhize. Palibe. Anaika mphuno pafupi mpaka inakhudza msuzi. Palibe. Anatenga kachiwindi kaja n'kutafuna, ndipo kanali ngati chidutswa cha chitenje chonyowa. Tsabola wa Dona Engrácia, amene ankaliza amuna aakuluakulu, ankangodutsa pa lilime ngati madzi. Matendawo anali atawalanda kukoma ndi fungo lomwe. Mbale yonse inali yawo, chitseko chokhoma, popanda ndowa, popanda moni, ndipo inalibe ntchito. Akamakamba nkhaniyi masiku ano, amati pa moyo wawo wonse sanamvepo kusungulumwa ngati kwa nthawi imeneyo.

Anaimirira n'kupita pazenera. Kutsidya kwa bwalo la mpira, kuseri kwa waya wa mpanda, kunaima munthu mmodzi padzuwa, atagwira waya ndi manja onse awiri.

"Alamu!" anaitana a Fulgêncio. "Bwerani tidye. Yachuluka. Ndikupatsirani pazenera pano, chonde."

Ulendo uno ankanena zoona, ndipo akanapereka makina awo osokera kuti dzanja lija lilowenso m'mbale mwawo.

"Iyayi!" anakuwa a Zeferino. "Anesi andiuza zonse. Akuti simukudya, ndipo wosadya satuluka muno ndi miyendo yake. Mumalize yonseyo."

"Siikukoma, alamu. Sindikumva kanthu."

"Ndani wakufunsani za kukoma? Inu mukafa, khamu lija ndilidyetsa ndi chiyani ine, mawailesi? Khalani pazenera pomwepo ndizikuonani. Sindichoka pano mpaka mundionetse mbale yoyera."

A Fulgêncio anakoka desiki ya ana, anakhala mawondo ali m'khosi, n'kuyamba kudya. Ankatafuna nthuli imodzi imodzi, misozi ikutsikira m'mbale, akumeza mokakamiza, ndipo akangopumira pang'ono mawu ankachokera ku mpanda: "Ndikukuonanitu!" Mlonda wa pageti anabwera kudzaima pafupi ndi a Zeferino, kenako amayi awiri odzazonda odwala awo, onse akuyang'ana munthu akudya, popanda wotambasula dzanja.

Atamaliza, anaimirira movutikira n'kukweza mbaleyo pazenera ndi manja awiri. A Zeferino anatchinga dzuwa ndi chikhatho, n'kuyang'anitsitsa ndi diso la katswiri. Anapukuta m'maso ndi masiki awo, n'kumeza malovu.

"Fupa ilo likadali ndi nyama, alamu. Ndikuiona ndili kuno."

A Fulgêncio anakhalanso pansi, n'kutola fupalo.